Mwana ndi chuma m'nkhani zazifupi: n'chifukwa chiyani alembi amaziika pamodzi?

Makolo ambiri olankhula Chichewa muno mu Harare, kaya ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Mabvuku, amadabwa akasuzumira m'mabuku a nkhani zazifupi amene ana awo amawerenga pokonzekera mayeso. Mkati mwa nkhanizo muli ana ndithu, koma anawo akuba magwafa, wina akutchova juga, ena akusirira zidole zimene makolo awo sangagule ngakhale atasunga malipiro a miyezi ingapo. Kholo limafunsa kuti buku lotere likumuphunzitsa chiyani mwana. Nawonso ophunzira ali ndi vuto lawo. Aphunzitsi akanena kuti mfundo zazikulu za nkhaniyo ndi kusalakwa kwa mwana komanso kukonda chuma, iwo amangoloweza n'kukalemba pamayeso, osaona chimene chikulumikiza ziwirizo. Chonsecho mfundozi zimayendera limodzi m'nkhani za mayiko otalikirana kwambiri, kuyambira ku New Zealand mpaka kuno ku Zimbabwe, ndipo pali zifukwa zake.

Nkhani yaifupi si nthano

Nkhani yaifupi ndi nkhani yopeka imene munthu angaiwerenge n'kuimaliza asanadzuke pamene wakhala. Mlembi wa ku America, Edgar Allan Poe, analemba mu 1842 kuti chilichonse cha m'nkhani yotere chiyenera kukokera wowerenga ku chinthu chimodzi. Malo ndi ochepa, choncho mlembi sangafotokoze moyo wonse wa munthu. Amasankha tsiku limodzi, ulendo umodzi, kawirikawirinso chinthu chimodzi chogwirika monga nsapato kapena chidole, n'kuchisenzetsa katundu yense wa nkhaniyo.

Ife tinakulira nthano, zija za "padangokhala", ife n'kumavomera "tili tonse". M'nthano muli ana ambiri, mulinso chuma. Mwana wamasiye wozunzidwa amachitira ulemu nkhalamba imene ena akuinyansidwa, ndipo amabwerera kwawo ndi ng'ombe, nsalu ndi mikanda. Mwana wadyera akatsatira njira yomweyo mwachipongwe, amatsegula mtanga wake n'kupezamo njoka. M'nthano chuma ndi mphoto ya khalidwe, ndipo phunziro limanenedwa poyera pamapeto. Nkhani yaifupi yamakono imasiyana pomwepa. Mwana wabwino sapatsidwa kalikonse, kapena akapatsidwa chimamupweteka, ndipo mlembi sanena phunziro. Kholo limene likuyembekezera nthano likakumana ndi zimenezi limaona ngati nkhaniyo yathera panjira. Komanso zambiri mwa nkhanizi sizinalembedwere ana. Ndi nkhani za akuluakulu zimene anabwereka maso a mwana.

Kusalakwa kwa mwana

Anthu sanagwirizanepo kuti mwana amabadwa wotani. M'Baibulo momwemo muli mbali ziwiri: pa Mateyu 18:3 Yesu akuuza ophunzira ake kuti akhale ngati tiana, pomwe Miyambo 22:15 ikunena kuti uchitsiru umamangika mumtima mwa mwana ndipo umachoka ndi chilango. Ku Ulaya maganizo akuti mwana amabadwa wabwino koma amaipitsidwa ndi anthu anafala kwambiri ndi buku la Jean-Jacques Rousseau lotchedwa Émile, la mu 1762. Mu 1789 mlakatuli wa ku England, William Blake, anatulutsa Songs of Innocence, ndipo imodzi mwa ndakatulo zake imalankhulidwa ndi kamnyamata kosesa m'machumuni kamene bambo ake anakagulitsa kasanadziwe kulankhula bwinobwino. Onani kuti kusalakwa ndi ndalama zinakumana kale pamenepa. Nthawi imeneyo ana ankagwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi, ndipo lamulo loletsa ana osakwana zaka 9 kugwira ntchito m'mafakitale ambiri a nsalu ku Britain linabwera mu 1833. Chithunzi cha mwana wosalakwa chinakula limodzi ndi nkhawa yoti ana akusandutsidwa ndalama.

Kwathu nkhaniyi timaiona mwina. Sitinena kawirikawiri kuti mwana ndi woyera mtima. Timati sanadziwe, sanalangizidwe. Akaswa mbale kapena akalankhula zosayenera pagulu, akuluakulu amati musiyeni ndi mwana, kutanthauza kuti mlandu sungamukhale chifukwa sanauzidwe. Chinamwali ndi kulowa kudambwe ndiye malire: ukadutsa pamenepo wauzidwa, ndipo ukalakwa walakwa ukudziwa. Kaonedwe kameneka n'kothandiza powerenga, chifukwa ana a m'nkhani zazifupi zabwino si angelo. Amanama, amatukwana, amachitirana nkhanza. Kusalakwa kwawo kuli poti amaona zonse koma sanapatsidwe tanthauzo la zimene akuonazo.

Apa ndi pamene pagona luso la mlembi. Taganizani za mwana amene watumidwa kukapereka kalata yomata kwa amalume ake. Akudziwa kuti amayi ake polemba ankapukuta m'maso, waona kuti amalume atawerenga anangoti zii osamufunsa n'komwe za kusukulu, wapatsidwa ndalama ya kombi yoposa ya masiku onse. Akabwerako n'kumafotokoza za ulendo wake, iye akukamba za ndalama ija mosangalala, pomwe wamkulu aliyense womumvetsera wadziwa kale kuti m'kalatamo munali zovuta. Mfotokozankhani akakhala mwana, wowerenga ndiye wamkulu womvetserayo. Mpata wa pakati pa zimene mwana wanena ndi zimene wowerenga wamva ndiwo umagwira ntchito.

Charles Mungoshi anaudziwa bwino mpata umenewu. M'buku lake la nkhani zazifupi la mu 1972, Coming of the Dry Season, limene boma la Rhodesia linaliletsa, muli nkhani ya "Shadows on the Wall". Mnyamata wakhala m'nyumba, akusewera ndi zithunzithunzi za pakhoma. Amayi ake anachoka, bambo ake akufuna kuti aziti "amayi" kwa mkazi wina, ndipo mwanayo akungomira m'kusalankhula. Palibe pamene akunena kuti banja latha kapena kuti bambo ake alephera. Akungofotokoza zithunzithunzi, ife n'kumva zonsezo.

Palinso mwana wa mtundu wina, amene amanena poyera chimene akuluakulu akuchiona koma akuopa kuchitchula. Wodziwika kwambiri ndi wa m'nthano ya Hans Christian Andersen ya mu 1837, amene anafuula kuti mfumu ili maliseche anthu onse akuyamikira zovala zake zatsopano. Alembi amasinthasintha ana awiriwa, nthawi zina m'nkhani imodzi.

Kukonda chuma

Kukonda chuma kumene akunena aphunzitsi si kufuna chakudya, zovala ndi pogona. Ndi kuyeza munthu, ngakhale kudziyeza wekha, ndi zimene ali nazo. Katswiri wa zachuma wa ku America, Thorstein Veblen, analemba mu 1899 za kugula zinthu n'cholinga choti ena aone, ndipo m'zaka zotsatira, masitolo akuluakulu ndi otsatsa malonda atachuluka, alembi anayamba kufunsa kuti mwana wokulira m'nyumba yotere amaphunziramo chiyani. Makolo athu anali nalo kale chenjezo lawo: ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma mwambiwu ukudzudzula wadyerayo, pomwe nkhani zazifupi nthawi zambiri zimasuzumira kwa mwana amene waima pambali pa wadyerayo.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi "The Rocking-Horse Winner" ya D. H. Lawrence, ya mu 1926. Banja la mnyamata Paul si losauka. Lili ndi nyumba yabwino ndi antchito, koma limakhala moyo woposa thumba lake, ndipo ana amamva ngati makoma akunong'ona kuti pakufunika ndalama zina. Amayi ake amamuuza kuti bambo ake alibe mwayi, ndipo mwayi ndiwo umabweretsa ndalama. Mwanayo amatenga mawuwa monga momwe alili. Amakwera kavalo wake wamatabwa mwamisala mpaka dzina la kavalo wopambana pa mpikisano limubwerere m'mutu, ndipo mothandizana ndi wantchito wa m'dimba komanso amalume ake amayamba kupambana. Amatumizira amayi ake mapaundi 5,000 mobisa. Manong'onong'o aja m'malo moleka amakula. Pomaliza amapeza ndalama zoposa mapaundi 70,000 pa kavalo wotchedwa Malabar, zonse pamodzi n'kupitirira mapaundi 80,000, iye n'kumwalira. Chimene Paul ankafuna si ndalama. Ankafuna kuti amayi ake amukonde, ndipo m'nyumbamo njira yokhayo imene anaona inali imeneyo. Amene amadutsa pa mashopu obetcherana mpira m'tauni muno n'kuona anyamata ataunjikana pakhomo sangaione nkhaniyi ngati yakale kwenikweni, ngakhale mahatchi a ku Borrowdale sanawaonepo.

Nkhani ya Katherine Mansfield wa ku New Zealand, "The Doll's House", ya mu 1922, ndi yofatsa, koma kwa ife mwina ndiyo imalasa pafupi. Ana a banja lolemera la Burnell apatsidwa kanyumba ka zidole kokongola, ndipo akuitana anzawo a kusukulu awiriawiri kuti adzakaone. Onse aitanidwa kupatula Lil ndi Else Kelvey, ana a mayi wochapa zovala m'makomo mwa anthu, amene bambo awo akumveka kuti ali kundende. Diresi la Lil linasokedwa kuchokera ku nsalu yakale ya patebulo ya a Burnell omwewo, manja ake kuchokera ku makatani a banja lina. Mwana wamng'ono wa a Burnell, Kezia, amawalowetsa mobisa, azakhali ake n'kuwathamangitsa ngati nkhuku. Ali panjira, Else, amene salankhulalankhula, amauza mkulu wake kuti wakaona kanyale kakang'ono ka m'kanyumbamo, kamene Kezia yekha ndiye ankakakonda pomwe ena ankatama makapeti ndi mipando.

Agogo athu ambiri amene anabwera kuchokera ku Nyasaland, ena kudzera mwa bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena paokha, anagwira ntchito yophika, yochapa ndi ya m'dimba m'mayadi a azungu muno mudakali Salisbury. Ana awo ankavala zotsala za ana a bwana, ndipo ankadziwa malire a pamene angaponde. Mdzukulu wawo akawerenga za diresi la Lil safuna kuuzidwa zambiri. M'nkhaniyi ana sanadzipangire okha tsankho. Analitola kwa makolo ndi aphunzitsi, ndipo kanyumba kaja kanangokhala chida choyezera amene ali munthu ndi amene sali. Nkhaniyi ikuonetsanso kuti mwana akhoza kukonda chinthu popanda kukonda chuma: Kezia ndi Else akukonda kanyale chifukwa cha mmene kalili, osati chifukwa cha mtengo wake.

Pamene njala yalowererapo

Chisokonezo chachikulu chimabwera nkhani ikakhala ya ana osauka. Kodi mwana wanjala amene akusirira buledi tingati akukonda chuma? Ophunzira ambiri amalemba choncho pamayeso chifukwa aona mwana akufuna chinthu, koma pamenepa mpofunika kusamala.

Mu 2011 mlembi wa kuno, NoViolet Bulawayo, anapata mphoto ya alembi a nkhani zazifupi a mu Africa yotchedwa Caine Prize ndi nkhani yake "Hitting Budapest", imene pambuyo pake inakhala mutu woyamba wa buku lake la mu 2013, We Need New Names. Mfotokozankhani ndi mtsikana, Darling. Iye ndi anzake amakhala m'zisakasa pamalo otchedwa Paradise, ndipo amapita kudera la anthu olemera lotchedwa Budapest kukaba magwafa. Mmodzi wa iwo, Chipo, ali ndi pakati ngakhale ndi mwana, ndipo anzakewo amangodandaula kuti mimbayo yamuchepetsa liwiro. Ku Budapest amakumana ndi mayi wochokera ku London amene akudya chinthu, n'kutaya chotsalacho iwo akuona, kenako n'kuwapempha kuti awajambule. Pobwerera amapeza mayi atadzimangirira mumtengo. Amathawa, koma mmodzi amakumbutsa anzake kuti nsapato za malemuyo zikuoneka zatsopano ndipo zingagulitsidwe n'kugula buledi. Amabwerera akuseka.

Nkhaniyi sitchula dzina la dziko, koma owerenga a kuno anazindikira nthawi yake. Mu 2005 panali Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misika, pamene lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira zopezera ndalama, ndipo Mbare inali m'gulu la madera amene anakhudzidwa. Mu 2008 mitengo inkasintha pa tsiku limodzi, mashelefu m'masitolo ali mbee, mpaka kumayambiriro kwa 2009 tinaona ndalama ya pepala ya madola 100 thililiyoni. Ana amene anakula m'zaka zimenezo anadziwa mtengo wa buledi asanadziwe kulemba mayina awo.

Ndiye ana a m'nkhani ya Bulawayo ndi osalakwa kapena ayi? Owerenga ena amati kusalakwa kwawo kunatha kale, chifukwa mwana amene angavule mtembo nsapato waona zambiri. Ena amati kuseka kuja ndiko umboni woti sakudziwa kulemera kwa chimene akuchita: akudziwa mtengo wa nsapato, sakudziwa imfa. Pa za chuma, m'nkhaniyi muli zinthu ziwiri zosiyana. Pali njala, imene imawatuma ku magwafa. Palinso maloto: Darling amadzitama kuti adzapita ku America kwa azakhali ake, wina amaloza nyumba yaikulu n'kunena kuti adzakhalamo. Malotowo ndiwo ali pafupi ndi zimene Lawrence ankalemba, chifukwa anawo ayamba kale kudziyeza ndi zimene alibe.

Tikaiyerekeza ndi "The Lesson" ya Toni Cade Bambara, ya mu 1972, kusiyana kwina kumaoneka. Mmenemo mayi wophunzira, Miss Moore, amatenga ana akuda a m'dera losauka la New York kupita nawo ku sitolo ya zidole ya F.A.O. Schwarz, kumene amaona kaboti koseweretsa ka madola 1,195. Palibe amene akufa ndi njala. Chimene chikuchitika n'choti Sylvia, mtsikana wamakani amene saopa munthu, amadzipeza akuchita manyazi kutsegula chitseko cha sitolo, ndipo manyaziwo amamukwiyitsa osadziwa kuti akwiyire ndani. Kusalakwa kwake kukutha pa mtengo wolembedwa pakapepala. Kwa Bambara mwana akuphunzira kuti dziko linagawidwa mosalingana. Kwa Bulawayo ana anaphunzira kale zimenezo, ndipo wowerenga ndiye akuphunzira.

Mkangano wa pakati pa alembi

Si onse amene amakondwera ndi nkhani zoterezi. Mu 2005 Binyavanga Wainaina wa ku Kenya anatulutsa m'magazini ya Granta nkhani yachipongwe, "How to Write About Africa", yoseka alembi amene amadzaza mabuku awo ndi anthu anjala ndi ovutika. Mu 2013 mlembi wa ku Nigeria, Helon Habila, amenenso anapatapo Caine Prize, analemba m'nyuzipepala ya The Guardian za buku la Bulawayo. Anayamikira luso lake, koma anafunsa ngati mphotoyi siyikulimbikitsa alembi kuunjika mavuto a Africa m'nkhani zawo mofanana ndi mmene nkhani za pa wailesi yakanema za kunja zimachitira.

Otsutsawa amati mwana wovutika amagulitsa buku ku London ndi ku New York, ndipo mlembi akhoza kugwiritsa ntchito mwanayo ngati chokopera chifundo, n'kuiwala ana ambirimbiri a mu Africa amene moyo wawo ndi sukulu, mpira wachikulunga ndi kukangana ndi azichemwali awo. Oikira kumbuyo nkhanizi amayankha kuti zisakasa zilipodi, ana oyembekezera aliponso, ndipo kuuza mlembi kuti asalembe zimene anaona pofuna kuteteza mbiri ya dziko n'kumutseka pakamwa. Amaonjezera kuti Bulawayo mwiniwake anaika m'nkhani yake mayi wa kamera uja, kusonyeza kuti vuto lojambula ana osauka ankalidziwa. Chodabwitsa pang'ono n'choti mkanganowu ndi wa mfundo zomwezija: mbali imodzi ikunena kuti kusalakwa kwa mwana kwasanduka malonda.

Mafunso amene adakalipo

Funso loyamba ndi la mawu a mwana. Amene amalemba ndi wamkulu, amene amasankha zoti mwana aone ndi zoti asaone ndi wamkulunso. Kodi kusalakwa kumene timawerenga n'kwa ana enieni, kapena n'kumene akuluakulu amalakalaka akakumbukira ubwana wawo? Aphunzitsi ena amati ana a sekondale amene akuwerenga nkhanizi amazindikira msanga mlembi akamanamizira mawu a mwana, ena amati luso silifuna kuti mawuwo akhale enieni, bola agwire ntchito.

Lachiwiri ndi la malire a njala ndi dyera. Pa buledi n'zosavuta kugamula. Nanga foni? Mwana wa ku Epworth kapena ku Dzivarasekwa amene akulirira foni akhoza kukhala kuti akufuna kufanana ndi anzake, akhozanso kukhala kuti ntchito ya kusukulu imabwera pa WhatsApp, kapena amayi ake ali ku Johannesburg ndipo amalankhula nawo pomwepo. Makolo athu ankati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha, koma mwambiwo unkanena za chinthu chimene kholo likanatha kusema ndi mpeni. Mlembi wa lero amene akufuna kusenzetsa nkhani yake pa chinthu chimodzi ayenera kusankha kuti foniyo ndi kanyale ka Else, kaboti ka Sylvia kapena nsapato za ku Paradise, ndipo owerenga sadzagwirizana naye onse.

Pali funso la mpanda. Ana a Mansfield anaima kunja kwa geti, a Bambara anakwera takisi kupita kusitolo, a Bulawayo anayenda wapansi mpaka ku Budapest. M'nkhani zonsezi mwana amachita ulendo kuti akaone chuma cha ena, ndipo ulendowo ndiwo msana wa nkhani. Lero mwana wa ku Mbare amaona m'nyumba za ku Borrowdale ndi za ku Dubai pa TikTok ali chigonere pamphasa. Kodi nthawi ija ya kudzidzimuka, imene alembi akhala akuidalira kwa zaka zoposa 100, idakalipo? Ngati mwana wa zaka 6 anaona kale zonse, nkhani yonena za tsiku limene anazindikira iyambira pati?

Pomaliza pali funso la chilankhulo ndi owerenga. Malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, koma nkhani zonse zatchulidwa pano za mtundu wamakonowu zinalembedwa m'Chingerezi. Mdzukulu wa ku Mufakose amene amalankhula Chishona pamsewu, Chingerezi kusukulu ndi Chichewa kwa agogo ake, akadzafuna kulemba za mwana wa wophika wa m'mayadi, adzalemba m'chilankhulo chiti, ndipo adzakhala akulembera ndani: oweruza mphoto a kunja, anzake a m'kalasi, kapena agogo akewo amene anavala diresi la nsalu ya patebulo?